CIPERE CA M'MUTU SICIMVA MANKHWALA OPAKA OKHA

Masiku omaliza a holide, pamene sukulu zatsala pang'ono kutsegulidwa, mababashopu a ku Bwacha, Katondo, Ngungu, Makululu ndi makomboni ena a m'tauni ya Kabwe amadzaza ndi ana odzameta. Pa nthawi imeneyi m'pamene makolo ambiri amaona kuti pamutu pa mwana wao pali malo otuwa, ozungulira ngati ndalama yacitsulo, pamene tsitsi laduka kapena lathothokeratu. Ena amati ndi litsiro cabe, ena amati zidzatha zokha mwana akakula, ndipo ena amathamangira kumsika kukagula mankhwala opaka. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu malo aja amakhala atakula, anzake kusukulu ayamba kumseka mwanayo, ndipo mng'ono wake nayenso wayamba kukanda m'mutu.

Kawiri kawiri nthenda imeneyi imakhala cipere ca m'mutu. Ndi nthenda yocizika, koma imacira ndi mankhwala akumwa amene mwana ayenera kumwa kwa masabata angapo osadumphitsa. Ikalekereredwa, kapena ikapakidwa zinthu zoocha khungu, ikhoza kusiya cipsera pamene tsitsi silidzameranso moyo wonse. Komabe si malo onse opanda tsitsi amene ali cipere. Pali matenda ena ofanana naco amene afuna cithandizo cosiyana, motero nkofunika kuti makolo, aphunzitsi ndi ometa tsitsi adziwe kusiyanitsa.

Kodi cipere n'ciani?

Cipere cimayamba ndi tizirombo tating'ono kwambiri ta mtundu wa nkhungu, abale ake a nkhungu imene imamera pa nsima yogona kapena pa buledi wokhalitsa. Acipatala amatichula kuti fangasi. Nthendayi sibwera cifukwa ca nyongolotsi, kulodzedwa, kapena kudya cakudya cina cake. Tizirombo timeneti timadya cinthu colimba cimene cimapanga tsitsi, zikhadabo ndi khungu lapamwamba, ndipo ndiye cifukwa cake timakonda malo atatu amenewa.

Pali mitundu ingapo ya tizirombo ta cipere. M'maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa mtundu wofala kwambiri ndi Trichophyton violaceum, umene umacoka kwa munthu kupita kwa munthu mnzake. Mtundu wina, wochedwa Microsporum canis, umacokera kwa amphaka ndi agalu. Palinso wina umene umapezeka pa ng'ombe, makamaka ana a ng'ombe, ndipo ana amene amakakhala ku mafamu ozungulira Kabwe pa holide akhoza kuutenga kumeneko.

Nthendayi ndi ya ana, makamaka a zaka 3 kufikira 14. Mwana akatha msinkhu, khungu la m'mutu limayamba kutulutsa mafuta amene amalepheretsa tiziromboti kukula, motero anthu akuluakulu sadwala kawiri kawiri. Ngakhale ziri tero, munthu wamkulu akhoza kukhala ndi tiziromboti m'mutu osaonetsa cizindikiro ciri conse, n'kumapatsira ana a m'nyumba. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, amene anasonkhanitsa zopezeka m'maiko ambiri a mu Africa, anaonetsa kuti mwa ana asanu alionse, mmodzi kapena kuposerapo ali ndi cipere ca m'mutu. Si nthenda ya mabanja osauka okha, ndipo sisonyeza kuti mai wa mwanayo ndi waulesi.

Mmene cimafalikira

Tizirombo ta cipere timabala timbewu tosaoneka ndi maso, timene timakhala pa tsitsi loduka ndi pa timamba togwa m'mutu. Timbewu timeneti sitifa msanga. Tikhoza kukhala ndi moyo kwa miyezi yambiri pa cipeso, pa cisote, pa pilo, pa bulangeti kapena pa makina ometera.

Njira yoyamba yopatsirana ndi kugundana mitu. Ana aang'ono amasewera moyandikana, amagona pa mphasa imodzi ndipo amafunda bulangeti limodzi. Kuyambira mu 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, ana ambiri analowa m'makalasi, ndipo m'sukulu zambiri amakhala mothinana pa desiki imodzi. Ici n'cinthu cabwino pa maphunziro, koma citanthauza kuti mwana mmodzi wosalandira mankhwala akhoza kupatsira anzake ambiri.

Njira yaciwiri ndi kubwerekana zinthu. M'nyumba zambiri muli cipeso cimodzi ndi thaulo limodzi la banja lonse. M'miyezi yozizira ya June ndi July ana amabwerekana zisote zaubweya, ndipo kaamba ka mphepo ena amasamba thupi lokha kusiya kumutu.

Njira yacitatu ndi kumeta. Makina amene ameta mwana wa cipere amanyamula tsitsi loduka m'mano ake. Akapita pamutu pa mwana wotsatira osatsukidwa, makamaka pometa mpala, amakanda khungu pang'ono ndi kusiya timbewu tija pamalo pamene tikhoza kumera bwino. Zizindikiro zimayamba kuoneka pakapita sabata imodzi kapena awiri, nthawi imene makolo amakhala ataiwala kale za kumeta kuja.

Zizindikiro zake

Cipere ca m'mutu cimaoneka m'njira zosiyanasiyana. Cofala kwambiri ndi malo otuwa okhala ndi timamba toyera ngati phulusa, pamene tsitsi laduka pafupi ndi khungu. Malowa akhoza kukhala amodzi aakulu kapena ambiri ang'onoang'ono, ndipo kawiri kawiri amayabwa.

Nthawi zina tsitsi limadukira pakhungu penipeni, ndipo pamatsala timadontho takuda ngati pawazidwa mwaye. Kwa ana ena tsitsi silithothoka kwambiri, koma mutu wonse umakhala ndi timamba tooneka ngati mfundu. Mfundu weniweni sapezeka kawiri kawiri mwa ana amene sanathe msinkhu, motero mwana wa ku pulaimale amene ali ndi mfundu wosatha ayenera kupimidwa ngati alibe cipere. Cizindikiro cina cothandiza ndi anabere otupa kumbuyo kwa makutu kapena kumbuyo kwa khosi.

Mtundu woopsa kwambiri ndi umene acipatala amauchula kuti kerion. Pamutu pamatupa cotupa cacikulu, cofewa ndi cowawa, cotulutsa mafinya m'timabowo tambiri, ndipo tsitsi la pamenepo limazuka popanda kukoka. Izi zimacitika pamene thupi la mwana lalimbana ndi tiziromboti mwamphamvu kopitirira. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi cithupsa, ndipo amafuna kucifinya kapena kucing'amba ndi lumo. Cotupa cotere sicifunika kung'ambidwa. Cimaphwa ndi mankhwala a cipere, ndipo mwana amene ali naco ayenera kupita naye kucipatala tsiku lomwelo, pakuti ndico cimene cimasiya dazi losatha cikacedwa kuthandizidwa.

Cifukwa cake zopaka sizikwanira

Makolo ambiri amadabwa kuti mankhwala amene anaciritsa cipere ca pa mkono kapena pa tsaya akulephera m'mutu. Cifukwa cake n'cakuti cipere ca pathupi cimakhala pamwamba pa khungu, pamene mankhwala opaka monga Whitfield, clotrimazole kapena miconazole amafika mosabvuta. M'mutu zinthu n'zosiyana. Tsitsi liri lonse limamera m'kadzenje kolowa mkati mwa khungu. Tizirombo timatsika m'kadzenje kameneka ndi kulowa mkati mwa tsitsi lenilenilo, n'kulidya mpaka litafooka ndi kuduka. Mankhwala opaka safika kumeneko. Amayeretsa pamwamba, makolo n'kuganiza kuti mwana wacira, koma pakapita masabata ocepa timamba timabweranso. Ziri ngati kusenga udzu wa kapinga n'kusiya mizu m'nthaka.

Bvuto limeneli linasautsa madokotala kwa zaka zambiri. M'zaka za m'ma 1840 dokotala David Gruby wa ku Paris anaona tizirombo ta cipere pa makina oonera zinthu zazing'ono, koma mankhwala ake panalibe. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900 madokotala a ku Ulaya anayamba kuthothola tsitsi lonse la ana odwala ndi mphamvu ya X-ray, kuti limere latsopano. Njira imeneyi inasiyidwa, ndipo pambuyo pake kunadziwika kuti ena mwa anawo anadwala khansa atakula. Zinthu zinasintha mu 1958, pamene mankhwala akumwa ochedwa griseofulvin anayamba kugwiritsidwa nchito pa anthu. Mankhwalawa amayenda m'magazi ndi kulowa m'tsitsi latsopano pamene likumera, kotero kuti tizirombo timalephera kulidya.

Kamwedwe ka mankhwala

Popeza tsitsi limakula pang'onopang'ono, pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, mankhwalanso amatenga nthawi. Griseofulvin amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa masabata 6 kufikira 8, ndipo nthawi zina dokotala amaonjezera. Mankhwala ena ochedwa terbinafine amamwedwa kwa masabata 4 pa mitundu ina ya cipere. Mlingo wake umadalira kulemera kwa mwana, n'cifukwa cake mwana ayenera kupita yekha kukiliniki kuti akamuike pa sikelo. Si bwino kugawira mwana mankhwala otsala a mkulu wake kapena a mwana wa pa nyumba yoyandikana.

Griseofulvin amalowa bwino m'thupi akamwedwa pamodzi ndi cakudya ca mafuta. Kapu ya mkaka, phala lothira nsinjiro, ndiwo zotendera, nshawa zokazinga kapena kotapela n'zokwanira. Mwana akamwa pamimba popanda kanthu, mbali yaikulu ya mankhwala imangopita pacabe.

Colakwa cimene cimacitika kawiri kawiri ndi kuleka mankhwala pakapita masabata awiri kapena atatu cifukwa kuyabwa kwatha. Pa nthawi imeneyo tizirombo timakhala tikali m'mizu ya tsitsi. Mankhwala ayenera kumwedwa mpaka tsiku limene acipatala ananena. Ngati ku kiliniki apereka a masabata awiri okha, kholo lifunse tsiku lodzatenga otsala, ndipo ngati palibe lipemphe kalata yokagulira ku sitolo ya mankhwala yobvomerezeka. Tsitsi limayamba kumera mankhwala asanathe kapena atangotha, koma kuti malo onse adzaze pamatenga miyezi ingapo.

Ana ena amamva mutu kapena mseru masiku oyamba, ndipo izi zimatha zokha. Koma mwana akatuluka ziwengo thupi lonse, akamasanza kosaleka, kapena maso ake akasanduka acikasu, aleke kumwa ndipo abwerere kucipatala msanga. Mai woyembekezera sayenera kumwa griseofulvin cifukwa akhoza kuononga mwana wa m'mimba. Mankhwalawa amacepetsanso mphamvu ya mapilitsi a kulera, ndipo sagwirizana ndi mowa.

Pamodzi ndi mankhwala akumwa, acipatala amalangiza kutsuka m'mutu kawiri pa sabata ndi shampu ya ketoconazole kapena ya selenium sulphide, kuisiya m'mutu kwa mphindi 5 musanatsukuluze. Shampu payokha siciritsa, koma imacepetsa timbewu kuti ena asatengere. Ndi bwino kuti ana onse a m'nyumba aonedwe m'mutu tsiku limodzi, ndipo odwala alandire mankhwala pa nthawi imodzi, apo ayi adzangopatsirana mobwerezabwereza.

Zimene siziyenera kupakidwa

Pofuna kuti mwana acire msanga, anthu ena amapaka mafuta a mabuleki a galimoto, oilo wakuda wa injini, palafini, madzi a m'batire, polishi wa nsapato, mankhwala otsukira mano kapena utomoni wa nkhadze. Ena amayamba apala malowo ndi lumo mpaka magazi atuluke. Zinthu zimenezi zikhoza kuocha khungu la mwana ndi kupha mizu ya tsitsi, koma tizirombo timatsala. Ana ena amene ali ndi zipsera za m'mutu anazipeza cifukwa ca zopakazi, osati cifukwa ca cipere cenicenico.

Mankhwala opaka okhala ndi betamethasone kapena clobetasol, kuphatikizapo mafuta ambiri oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika, naonso ndi oipa pa cipere. Amaletsa kuyabwa kwa masiku ocepa, koma amafooketsa citetezo ca khungu, motero cipere cimafalikira mobisika ndipo cimabvuta kucizindikira ngakhale kucipatala.

Matenda ena a ana ofanana ndi cipere

Zilonda za mafinya zimayamba ndi tizirombo ta mtundu wina ta mabakiteriya, timene timalowa pamene mwana wadzikanda kapena watemeka pometa. Zimakhala ndi nkhanambo zacikasu ngati uci wouma, ndipo tsitsi limamatirira pamenepo. Zimafuna kutsukidwa ndi sopo ndi madzi ofunda, ndipo zikaculuka zimafuna mankhwala opha mabakiteriya. Siziyenera kupeputsidwa, pakuti mwa ana ena zimadzetsa matenda a impso pakapita masabata angapo. Mwana amene anali ndi zilonda akayamba kutupa kumaso m'mawa, kapena mkodzo wake ukada ngati tiyi wopanda mkaka, apite naye kucipatala mwamsanga.

Nsabwe za m'mutu sizithothola tsitsi pazokha, koma kukanda kumene zimacititsa kumabweretsa zilonda. Mazira ake amaoneka atamatirira pa tsitsi, makamaka kumbuyo kwa makutu.

Kusowa kwa zakudya zomanga thupi kumasintha tsitsi la mutu wonse. Limafiira, limakhala lopyapyala ndi loongoka, ndipo limazuka mosabvuta. Ngati mwana wotere watupanso mapazi ndipo safuna kusewera, bvuto lake si la khungu. Afunika kupita naye ku sikelo pamodzi ndi khadi lake kuti akathandizidwe pa za kadyedwe.

Khanda la miyezi yocepa kawiri kawiri limakhala ndi kadazi kunkhongo, ndipo ena amakhala ndi nkhanambo zamafuta paliwombo. Izi zimatha zokha mwana akamakula, ndipo sizifuna mankhwala akumwa.

Pali nthenda inanso yochedwa alopecia areata, imene imagwira ana ndi akulu omwe. Tsitsi limacoka mwadzidzidzi pamalo ozungulira, koma khungu limakhala losalala ngati cikhatho, lopanda mamba, losayabwa ndi losawawa. Apa citetezo ca thupi ndico cimene calimbana ndi mizu ya tsitsi molakwika. Nthendayi sipatsirana, ndipo mwa anthu ambiri tsitsi limameranso lokha caka cisanathe. Mankhwala a cipere sathandiza pa nthenda imeneyi. Popeza imabwera mwadzidzidzi, ena amaganiza kuti munthu wametedwa ndi mfiti usiku, ndipo mabanja amadana popanda cifukwa.

Kuthothoka kwa tsitsi mwa akuluakulu

Munthu ali ndi tsitsi pafupifupi 100,000 m'mutu, ndipo kutaya 50 kufikira 100 pa tsiku si nthenda. Amai ambiri amaona tsitsi likuculuka pa cipeso pakapita miyezi iwiri kufikira inai atabereka. Zimacitikanso munthu akacira malungo aakulu, taifodi kapena opaleshoni, ndiponso akakhala wocepa magazi. Tsitsi lotere limameranso thupi likabwerera m'malo mwake. Dazi la abambo loyambira pamphumi ndi paliwombo ndi la kumtundu, ndipo silipatsirana.

Mwa amai ndi atsikana, cimene cimathetsa tsitsi kwambiri ndi kuluka kothina. Tsitsi likamakokedwa nthawi zonse ndi malukidwe othina, meshi yolemera kapena guluu wa wigi, limayamba kutha m'mphepete mwa mphumi ndi pamwamba pa makutu. Kafukufuku amene dokotala wa khungu Nonhlanhla Khumalo anacita ku Cape Town, wofalitsidwa mu 2007, anapeza bvuto limeneli mwa mai mmodzi pa amai atatu alionse, ndiponso mwa atsikana a sukulu 17 pa 100 alionse. Linali lalikulu kwambiri mwa amene amaluka tsitsi loongoledwa kale ndi mankhwala. Maluko amene akuwawa, kapena amene atulutsa timatuza m'mphepete, ndi othina kwambiri ndipo ayenera kumasulidwa tsiku lomwelo. Poyamba tsitsi limabwerera likapumitsidwa, koma pakapita zaka mizu imafa.

Mwa abambo ndi anyamata pamakhala timatotupa tolimba kunkhongo, makamaka mwa amene amameta mpala pafupipafupi ndi lumo kapena makina akuthwa. Timatotupa timeneti timagwirizana n'kukhala cipsera cacikulu copanda tsitsi. Sitipatsirana. Kuticeka kapena kumeta pamwamba pake kumangotikulitsa, ndipo cithandizo cimagwira bwino tikali tating'ono.

Cindoko, cimene ena amati kaswende, cikhoza kuthothola tsitsi pakapita masabata kapena miyezi kucokera pamene kacilonda ka kumaliseco kanapola. Tsitsi limacoka apa ndi apo ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo nthawi zina pamakhala ziwengo m'manja ndi kumapazi. Cimadziwika poyeza magazi ndipo cimacira ndi jekeseni ya penicillin, koma mwamuna ndi mkazi ayenera kulandira cithandizo onse awiri.

Mfundu wamba amayabwa ndi kucititsa manyazi, koma sabweretsa dazi. Koma akakhala woopsa, wofika kumaso, m'mbali mwa mphuno ndi pacifuwa, kapena ngati munthu wamkulu wadwala cipere ca m'mutu cosamva mankhwala, ndi nzeru kuyezetsa kacirombo ka HIV ndi nthenda ya shuga. Anthu ambiri amene ayamba kumwa ma ARV amaona khungu ndi tsitsi lao zikubwerera bwino.

Pomaliza pali matenda osiya zipsera monga lupus, amene amapanga zigamba zoyera pakati ndi zakuda m'mphepete, m'mutu, kumaso ndi m'makutu, ndipo amakula ndi dzuwa. Odwala otere amatumizidwa ku cipatala cacikulu ca Kabwe, ndipo ena mpaka kwa madokotala a khungu ku University Teaching Hospital ku Lusaka.

Nanga mtovu?

Anthu a mu Kabwe ali ndi cifukwa comveka codera nkhawa thanzi la ana ao. Mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira nchito zaka pafupifupi 90 usanatsekedwe mu 1994, ndipo dothi la m'madera monga Kasanda, Chowa, Makululu ndi Mutwe wa Nsofu likali ndi mtovu, umene ambiri amauchula kuti ledi. Motero kholo likaona tsitsi la mwana likuthothoka likhoza kuganiza kuti ndi mtovu, n'kutaya mtima kuti palibe cocita.

Zigamba zozungulira zokhala ndi mamba si cizindikiro ca mtovu. Mtovu umaononga ubongo, magazi ndi impso, ndipo kawiri kawiri suonetsa kanthu kunja. Umadziwika poyeza magazi basi. Mwana wa tsitsi labwino akhoza kukhala ndi mtovu wambiri m'thupi, ndipo mwana wa cipere akhoza kukhala alibe. Kholo la m'madera amenewa likapita ndi mwana kukiliniki kaamba ka cipere, lingacite bwino kufunsanso za kuyezetsa mtovu pa ulendo womwewo. Kusambitsa ana madzulo akacoka kosewera pafumbi, makamaka m'miyezi ya mphepo ya August ndi September, kumathandiza pa mabvuto onse awiri.

Udindo wa makolo, ometa ndi aphunzitsi

Panyumba, mwana wodwala akhale ndi cipeso, thaulo ndi cisote cakecake. Zipeso zibviikidwe kwa mphindi 10 m'madzi osakaniza ndi Jik, kapu imodzi ya Jik pa makapu 9 a madzi, kenaka zitsukuluzidwe. Zofunda, nsalu za pilo ndi zisote zicapidwe ndi madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa ndi kusitidwa. Sikofunika kumeta mwanayo mpala. Ngati tsitsi lifunika kucepetsedwa, lidulidwe panyumba ndi sizasi imene idzatsukidwa pambuyo pake. Galu kapena mphaka amene ali ndi malo othothoka ubweya aonedwe ndi a za ziweto.

Ometa ayenera kuyang'ana mutu wa mwana asanayambe nchito. Akaona cipere auze kholo mwaulemu ndiponso pambali, osati pamaso pa anthu. Pambuyo pa munthu aliyense, tsitsi lonse licotsedwe m'mano a makina ndi kaburashi, ndipo kenaka manowo atsukidwe ndi mankhwala opha tizirombo. Kuwaza sipiriti pang'ono pa makina amene akali ndi tsitsi la munthu wina sikukwanira. Lumo ligwire nchito pa munthu mmodzi yekha, pakuti kupatula cipere, magazi otsalira pa zometera akhoza kufalitsa nthenda ya ciwindi ya hepatitis B. Wometa waukhondo sataya makasitomala, koma amaonjezera.

Aphunzitsi, makamaka a Giredi 1 kufikira 4, ndiwo amaona mitu ya ana tsiku ndi tsiku. Akaona mwana wa zigamba alembere makolo kalata yowapempha kupita naye kukiliniki. Mwana amene wayamba kumwa mankhwala safunika kukhala kunyumba, ndipo kumthamangitsa m'kalasi kumangomtayitsa maphunziro. Aphunzitsi aletsenso ana ena kumseka kapena kumpatsa maina acipongwe, pakuti ana ena amayamba kujomba kusukulu kaamba ka manyazi.

Akulu anati kuongola mtengo m'poyamba. Kholo limene laona kagamba kotuwa pamutu pa mwana lisadikire kuti katupe kapena kafalikire kwa abale ake. Lipite naye ku kiliniki yapafupi sabata lomwelo, litenge mankhwala ochulidwa ndi acipatala, ndipo lionetsetse kuti mwanayo wamwa mpaka tsiku lomaliza.